Nanga Khanda Losakwana Milungu 6 Alitchinjiriza Ndani?

Owerenga athu achikulire achidziwa bwino chifuwa chokoka mtima. Mwana atsokomola mosalekeza kufikira maso atuzuka, kenaka akoka mpweya ndi liwu longa la tambala, nasanza. Koma chimene ambiri sadziwa ndi ichi, chakuti khanda la milungu yowerengeka kawirikawiri silitsokomola motero ayi. Lingoleka kupuma, milomo n'kuda, amake ali m'tulo pambali pake.

M'dziko muno mwana alandira katemera wa nthendayi pa milungu 6, 10 ndi 14, m'jekeseni mmodzi wa matenda asanu amene Boma linayamba kupereka mu 2002. Ntchito imeneyi njotamandika ndithu. Komabe milungu yoyambayo, pamene mwana ali wofooka kopambana, itsala pambalambanda.

Anthu a ku Mangalande anaona zimenezi ndi misozi. Mu 2012 nthendayi inabuka kumeneko, ndipo makanda 14 anamwalira ku England ndi Wales. Mu Okutobala chaka chomwecho Boma lawo linayamba kubaya katemera amayi oyembekezera. Nzeru yake njosavuta kumva: thupi la mayi lipanga asilikali a m'magazi olimbana ndi nthendayi, ndipo asilikaliwo adzera mumchombo kukalowa mwa mwana, kotero kuti abadwa ali nacho kale chishango. Madokotala atawerengera anapeza kuti katemerayu ateteza makanda pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Pamene amayi ambiri anayamba kuchita mphwayi, nthenda inabweranso mwamphamvu mu 2024, ndipo makanda anafanso.

Ku America mayi auzidwa kubayitsa pa mimba iliyonse, pakati pa milungu 27 ndi 36, popeza mphamvu ya katemera ichepa zaka zikamapita. Tsono alongo athu okhala m'maiko amenewo, anamwino akakuitanani musawiringule ayi.

Kwathu kuno njira njolambulidwa kale. Kodi si pasikelo pomwepo pamene amayi apakati alandira katemera wa kafumbata? Ameneyonso ateteza khanda kudzera mwa amake, ndipo agogo amene anaika ana m'manda chifukwa cha kafumbata angathe kuchitira umboni za kusintha kwake. Chovuta ndi ndalama. Katemera wa chifuwachi amene tibaya ana sayenera akulu; woyenera amayi apakati ngwamtundu wina, ndipo mtengo wake ngwokwera. Bungwe la WHO mu 2015 linati maiko angathe kuganizira njira imeneyi poonjezera pa katemera wa ana, osati kulowa m'malo mwake.

Ife tiganiza kuti Unduna wa Zaumoyo uyenera kuyamba ndi kuwerenga. Nthendayi njovuta kuizindikira popanda kupima m'labotale, ndipo khanda lofa nayo lingathe kulembedwa kuti lafa ndi chibayo. Boma silingagule mankhwala a nthenda imene m'mabuku mwake mulibe.

Podikira zimenezo, tikumbuke chikuta. Makolo athu sanali kulola aliyense kuyangata khanda longobadwa kumene, ndipotu nthendayi ifika kwa mwana kuchokera kwa a m'nyumba momwemo, amene kwa iwo ingooneka ngati chifuwa wamba chosatherapo. Azakhali otsokomola aone mwana ali pakhomo, ndipo milungu 6 ikakwana, amake apite naye kusikelo tsiku lomwelo, kungakhale kumunda kuli ntchito.