Mwana akagenda, tisathamangire kuloza mphunzitsi

Ana akamenyana mpaka kukhetsana magazi pabwalo la sukulu, kapena akaswa magalasi a ofesi ya ahedi, mlandu sutenga nthawi kuti upeze mwini. Pofika madzulo, m'minibasi ya ku Area 23 ndi pamjigo pa Chinsapo anthu amakhala atagamula kale kuti aphunzitsi amakono ndi aulesi, sadziwa kulanga, amangodikira malipiro. Makolo amatero, oimba foni pa wailesi amatero, ndipo akuluakulu a ku Capital Hill akafika pamalopo, kawirikawiri woyamba kufunsidwa kuti anali kuti amakhala mphunzitsi yemwe anali pa ntchito tsikulo. Mkwiyo wa makolo ndi womveka, pakuti palibe amene amatumiza mwana kusukulu kuti akabwereko ndi bala pamutu. Koma munthu amayenera kuyankha pa zinthu zomwe zili m'manja mwake, ndipo tikaunika zomwe zimabala chipwirikiti m'sukulu za boma za m'malokeshoni a Lilongwe, zambiri sizili m'manja mwa mphunzitsi. Sasankha kuchuluka kwa ana m'kalasi mwake, samanga zipinda, alibe mphamvu pa zomwe mwana amaona akaweruka, ndipo ngakhale chilango chomwe angapereke chinaikidwa malire ndi ena.

Vutoli lili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1994 boma la Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ndipo m'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, ndipo ambiri mwa makolo a lero anaphunzira kulemba dzina lawo chifukwa cha chiganizo chimenecho. Koma ana anafika zipinda zisanamangidwe, boma linalemba mwachangu aphunzitsi masauzande osadutsa ku koleji, ndipo mpata womwe unatseguka pamenepo sunatsekeke mpaka lero. Mu Lilongwe zinafika poipa chifukwa mzindawu wakula mothamanga. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi mumzindawu, ndipo ambiri a iwo ali m'madera ngati Chinsapo, Mgona, Area 23 ndi Area 25, komwe nyumba za lendi zimamera pa kachigawo kalikonse ka malo pamene mabwalo a sukulu ndi omwe aja. Unduna wa Zamaphunziro umafuna kuti mphunzitsi mmodzi azisamalira ana 60. M'malokeshoniwa kalasi ya ana opitirira 100 sidabwitsa munthu.

Tiyeni tilowe m'kalasi yotere. Ana akhala pansi pa simenti yokumbika, mawondo a wina ali pamsana pa mnzake, ndipo njira yoti mphunzitsi adutse kufika kumbuyo palibe. Kukhoma lakumbuyoko kwatsamira anyamata akuluakulu omwe abwereza kalasi kawiri kapena katatu, a zaka 15 pakati pa ana a zaka 10. Mmodzi akalanda cholembera cha wamng'ono ndi kumutsina kuti asanene, mphunzitsi yemwe akulemba pa bolodi sangaone, ndipo akatembenuka amangomva phokoso osadziwa komwe layambira. Phunziro ndi la mphindi 35. Pa ana 120, ngakhale mphunzitsiyo atasiya kuphunzitsa n'kumangoyang'ana mwana mmodzimmodzi, aliyense sangapeze ngakhale masekondi 20. Mwambo wa m'kalasi umadalira kuti mphunzitsi adziwe mwana ndi dzina, adziwe kwawo, azindikire kuti yemwe anali wosangalala sabata yatha lero wangoti ndwii. Pa gulu lotere teremu imatha mayina ena asanalowe m'mutu, ndipo mwana yemwe akudziwa kuti sadziwika amachita zomwe akufuna.

Ena ayankha kuti m'tauni aphunzitsi si ochepa, kuti amathawa kumidzi n'kudzaunjikana mu Lilongwe, mwakuti kalasi imodzi imakhala ndi aphunzitsi awiri kapena atatu. Zimenezi n'zoona ndithu, ndipo ndi nkhani yomwe unduna uyenera kuikonza chifukwa ana a kumidzi akulandidwa. Komabe aphunzitsi atatu m'chipinda chimodzi sachepetsa ana a m'chipindamo. Amangosinthana, wina akuphunzitsa, ena akuchonga mulu wa makope pakhonde. Chosowa m'tauni ndi zipinda ndi madesiki, n'chifukwa chake makalasi ena amaphunzirira pansi pa mtengo ndipo sukulu zina zimagawa ana, ena kulowa m'mawa ena masana. Pa nthawi yosinthanayo khamu lolowa limakumana ndi khamu lotuluka pabwalo lomwe nthawi zambiri lilibe mpanda, pomwe akabaza, ogulitsa mandasi ndi anyamata omwe anasiya sukulu amadutsa mwaufulu. Ndewu zambiri zimayambira pamenepo kapena panjira yopita kunyumba, kutali ndi bolodi.

Tiwerengenso maola. Mwana wa pulayimale amakhala m'manja mwa aphunzitsi maola anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo otsalawo ndi a lokeshoni. Bambo analawira m'bandakucha kukasaka ganyu ku Kanengo, mayi ali pa benchi ya tomato mumsika mpaka dzuwa kulowa, ndipo mwana amaleredwa ndi nyumba zoonetsera mafilimu, malo a juga ya mpira ndi mabenchi a kachasu. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali wotchipa unabwereranso m'timabotolo, ndipo wogulitsa safunsa zaka za wogula. Kafukufuku wa dziko lonse wa nkhanza kwa ana, yemwe boma linachita mu 2013 mothandizidwa ndi UNICEF, anapeza kuti anyamata pafupifupi awiri mwa atatu alionse, ndi atsikana awiri mwa asanu alionse, anachitidwapo nkhanza zomenyedwa asanakwanitse zaka 18. Mwana woleredwa ndi zibakera amaphunzira kuti mkangano umatha wina akagwa pansi. Ndipo akuluakulufe tinawaphunzitsa poyera. Ana omwe ali ku sekondale lero anali ku pulayimale mu 2019 ndi 2020, pamene misewu ya Lilongwe inkatsekedwa ndi miyala ndi matayala oyaka pa zionetsero zotsatira chisankho, masitolo akuthyoledwa, apolisi akuponya utsi wokhetsa misozi mpaka m'makomo. Mkwiyo wa nthawi imeneyo unali ndi chifukwa, ndipo khoti linafafaniza chisankhocho pa 3 February 2020, koma mwana wa zaka 9 sanatolepo mfundo za malamulo. Anaona kuti amene wagenda ndiye amamveka. Pamene aphunzitsi ananyanyala ntchito mu 2017 chifukwa cha ndalama za tchuthi zomwe boma linachedwetsa, ndiponso mu 2021 pa nkhani ya ndalama za chiopsezo cha Covid-19, ana a pulayimale analowa m'misewu ndi nthambi ndi miyala. Njira imeneyo sanaiphunzire pa bolodi.

Pali mawu ena omwe amamveka kwambiri kwa achikulire, akuti kale ana ankaopa mphunzitsi chifukwa panali chikoti, ndipo ufulu ndiwo waononga zonse. Mawuwa ndi ofunika kuwayankha mwaulemu chifukwa ali ndi gawo loona. Malamulo aakulu a dziko a 1994, mu gawo 19, amateteza ulemu wa munthu ndi kuletsa chilango chokwapula m'nthambi za boma, ndipo unduna umauza aphunzitsi kuti asamenye ana. Ine ndikuona kuti kuletsako kunali koyenera. Dziko lomwe anyamata ambiri amakula akumenyedwa kale silingachepetse ziwawa poonjezera mkwapulo wina kusukulu, ndipo mnyamata wa Fomu 3 yemwe wakwapulidwa pamaso pa anzake nthawi zambiri amasunga mangawa n'kudzabweza pa magalasi, kapena pa mphunzitsiyo akakumana naye mumdima. Komanso sukulu za nthawi ya Kamuzu Banda zomwe anthu amazikumbukira zinali zolipira, ana anali ochepa, ndipo wovuta ankangochotsedwa n'kuiwalika. Gawo loona ndi lakuti titachotsa chikoti sitinaike kanthu m'malo mwake. Mphunzitsi anatsala ndi chibalo cha kutchetcha udzu, kukolopa kapena kukumba dzenje la zinyalala, ndi mawu akuti ukabwere ndi makolo. Makolo akapanda kubwera, nkhani yathera pomwepo. Alangizi a ana ophunzitsidwa bwino m'sukulu za boma ndi osowa, ndipo ntchitoyo amangoikoleka pa mphunzitsi wina yemwe ali kale ndi makalasi ake odzaza. Nkhani zikuluzikulu zimayenera kukwera ku maofesi a maphunziro, komwe yankho limachedwa pamene wolakwa ndi wolakwiridwa akukhalabe m'chipinda chimodzi.

Zonsezi sizikutanthauza kuti mphunzitsi salakwa. Alipo ofika kuntchito akununkha mowa, alipo ojomba, alipo osunga mphamvu zawo kuti akaphunzitse bwino ana olipira masana, alipo otukwana ana ndi mawu omwe mwana sadzaiwala moyo wake wonse. Choipa koposa, alipo ogona ndi ana asukulu. Amenewa ndi olakwa pa zinthu zomwe zili m'manja mwawo, ndipo malo a wogwirira mwana ndi kupolisi ndi kukhoti. Chizolowezi chongomusamutsira ku sukulu ina ndi kupereka ana ena m'kamwa mwa fisi, ndipo bungwe la Teachers Union of Malawi liyenera kukhala loyamba kukana zimenezi, chifukwa mphunzitsi mmodzi wotere amadetsa anzake ambirimbiri. Koma taonani kuti mlandu wotere uli ndi dzina, tsiku ndi umboni. Umasiyana kutali ndi mawu ongoti aphunzitsi alephera, omwe amaphimba wolakwa ndi wosalakwa pamodzi, ndipo amathandiza wolakwa weniweni kubisala pakati pa gulu. Ngakhale apa funso limabwerera kumwamba: ndani ali ndi mphamvu yoyendera sukulu, yofufuza ndi yochotsa ntchito? Ndi unduna ndi nthambi zake, osati mphunzitsi mnzake wa m'chipinda choyandikana.

Sindikufunanso kuti mtolowu tiutule pamutu pa mayi wa ku Mgona yemwe akapanda kupita kumsika ana agona ndi njala. Kusamutsa mlandu kuchoka kwa mphunzitsi kupita kwa kholo losauka sikukonza kanthu. Pali zochepa zomwe kholo lililonse lingathe: kubwera likaitanidwa, ndi kumva mbali zonse lisanakwiye. Kholo lofika pasukulu litamanga chitenje m'chiuno, n'kulalatira mphunzitsi pamaso pa kalasi yonse, limaphwanya m'mphindi zochepa ulemu womwe mphunzitsiyo wakhala akumanga chaka chonse, ndipo ana onse oonerera amatolapo phunziro. Makolo athu ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma m'lokeshoni momwe anthu amasamuka lendi ikakwera ndipo oyandikana nyumba sadziwana mayina, wamkulu amaopa kudzudzula mwana wa eni kuopa kutukwanidwa. Udindo womwe kale unali wa mudzi wonse, wa ankhoswe, anamkungwi, atsibweni ndi amfumu, wagwera munthu mmodzi wogwira choko, yemwe nayenso amakwera minibasi kuchoka ku nyumba ya lendi ndipo pakati pa mwezi amakhala ali pa katapila.

Kuloza mphunzitsi kuli ndi mtengo wake, ndipo amalipira ndi ana omwewo. Mphunzitsi yemwe wadziwa kuti akalowerera ndewu adzatukwanidwa ndi makolo, akapanda kulowerera adzakalipiridwa ndi akuluakulu, amasankha kusaona. Amalemba notsi pa bolodi, belu likalira n'kutuluka, ndipo wamng'ono uja wotsinidwa kumbuyo amatsala yekha. Wachinyamata yemwe akumaliza maphunziro ku Lilongwe Teachers Training College ku Area 25 amaona zonsezi ndipo amayamba ntchito maso ali kwina. Ndiponso nkhani ikathera pa kusamutsa ahedi, palibe amene amafunsa phungu wa dera, khansala kapena khonsolo ya mzinda kuti ndalama za chitukuko zamanga zipinda zingati pasukulupo m'zaka zisanu, kapena chifukwa chake malo omwera mowa ali ndi chilolezo pafupi ndi geti la sukulu.

Mafunso amenewo ndiwo ayenera kufunsidwa pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi ku Kawale, ku Biwi ndi kwina konse. Makomiti a sukulu, magulu a amayi oyang'anira atsikana, mafumu a m'mabuloko ndi apolisi a m'madera alipo kale, ndipo angathe kugwirizana zoyang'anira geti ndi njira pa nthawi yoweruka, ndi kulondola kunyumba mwana yemwe makolo ake sakubwera. Unduna upereke ndondomeko yomveka ya chilango yomwe kholo, mwana ndi mphunzitsi akuidziwa, yokhala ndi masiku oikika oyankhira nkhani zikuluzikulu, ndipo sukulu iliyonse ya ana masauzande ikhale ndi mlangizi yemwe ntchito yake ndi yomweyo basi. Ana a sekondale akadandaula za chakudya kapena za ndalama zomwe atoleredwa, pakhale pokanena pomwe adzayankhidwa zisanafike pa miyala. Ndipo pa bajeti iliyonse, aphungu a mumzinda wa Lilongwe auze anthu awo chiwerengero cha zipinda zatsopano zomwe zimangidwe ku Chinsapo, ku Area 23 ndi ku Mgona, ndi mwezi womwe ana adzalowemo.