Bodi yocisilapo anaipindila kontena, nanga cipinda canu?

Aliyense wogulitsa ironing board, kaya ni ku Kamwala olo m'mashopu akulu-akulu, ali na sewelo imodzi cabe. Amakanikiza kacitsulo ka kunsi, miyendo n'kugona, cinthu conse n'kukhala copyapyala monga citseko. Ndiye amakuyang'anani n'kukamba kuti, "Mwaona? Siidya malo." Sanama iyai. Koma amene anapanga bodiyo sanali kuganizila poyamba malo a m'cipinda canu ca lendi ku Chawama. Anali kuganizila malo a mu kontena. Ine niona kuti apa m'pamene pagona cifukwa cimene mabodi ambili ochipa amayambila kugwedela akali atsopano, ndipo apa pomwe pali mpata umene anyamata athu owochelela akali kuupitilila.

Tiyeni ticiteko masamu pang'ono. Bodi wamba imatalika masentimita pafupi-fupi 120, m'mbali 40, ndipo ikaimilila imafika ca m'ma 90. Ikakhala coimilila conco imadya malo okwana makyubiki mita 0.4, ndipo ambili mwa malowo ni mphepo cabe ya pakati pa miyendo. Mukaipinda, imatalikako pang'ono cifukwa miyendo imatulukila kumapeto, koma kunenepa kwake kumatsala masentimita 7 olo ca pamenepo. Malo amacepa pafupi-fupi ka 10. Kontena ya mafiti 40 ili na malo okwana makyubiki mita 67. Mukalongamo mabodi oimilila, angaloŵe 150 na kanthu. Opinda amapitilila 1,000. Ndipo katundu wopepuka monga uyu, onyamula amaulipilitsa poona malo amene wadya, cifukwa kontena imadzala kulema kukalibe kufika pa malile.

Kwa ise nkhani imeneyi ni yaikulu kuposa kwa anthu a m'mbali mwa nyanja. Zambia ilibe doko la pa nyanja ya mcele. Katundu ukatsika m'sitima ku Dar es Salaam, ufunika kuyendanso makilomita pafupi-fupi 2,000 pa thilaki, kudzela pa Nakonde, kuti ufike mu Lusaka. Wocokela ku Durban umaloŵela pa Chirundu olo pa ulalo wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Wina umadzela ku Beira, wina ku Walvis Bay. Pa njila yonseyi pali mafuta, pali kuyembekezela pa boda, pali dilaiva wofunika kudya. Palibe wamalonda amene afuna kulipila zonsezi cifukwa conyamula mphepo.

Nzelu imeneyi si yoipa, ndipo si ya lelo. Mu 1956, Gillis Lundgren wa kampani ya IKEA ku Sweden anacotsa miyendo ya thebulo kuti ikwane m'motoka, ndipo kucokela pamenepo kampaniyo inachuka na mipando yogulitsidwa m'makatoni ophwathalala. Caka cimeneco comwe ku America, Malcom McLean anatumiza sitima yochedwa Ideal X kucoka ku Newark kupita ku Houston itanyamula makontena 58. Zinthu ziŵilizi n'zimene zacititsa kuti wacicepele amene wangoyamba nchito akwanitse kugula katundu wopangidwa kutsidya kwa nyanja. Pa ici sinitsutsa.

Vuto imabwela pamene wopanga wayamba kusakila sentimita ina yocotsa. Ganizilani: mabodi 6 onenepa masentimita 7 amadya malo ofanana na mabodi 7 onenepa masentimita 6. Kucotsako sentimita imodzi cabe, ndiye kuti pa 6 alionse imodzi yakwela mahala. Nanga sentimita imeneyo aicotsa kuti? Aicotsa ku mapaipi a miyendo, amene amakhala ang'ono komanso a citsulo copyapyala. Aicotsa ku kasiponji ka pansi pa nsalu, cakuti pakapita milungu yocepa mumayamba kuona tumizele twa citsulo pa shati yanu. Cina, phazi la pansi amalifupikitsa kuti lisapitilile m'mbali mwa bodi, katoni ikhale yoongoka bwino. Phazi lalifupi pansi, nsimbi yolema pamwamba, dzanja likukankha uku na uku. Simufunika satifiketi ya uinjiniya kuti mudziŵe cimene cicitika.

Kunsi kwa bodi n'kumene kuli mtima wake, koma ni ocepa amene amaitembenuza kuti aoneko asanalipile. Miyendo imapingasana monga cilembo ca X. Mwendo umodzi umamangidwa pamalo amodzi n'kumazungulila pamenepo, winawo umaseleleka m'kanjanji. Cimene cimaletsa mwendo woselelekawo kuthaŵa ni loko, ndipo maloko ofala ni a mitundu iŵili. Ina ili na mano, mwendo umakodwa pa dzino limene mwasankha. Ina ili na kawaya kolimba kodutsa m'kabowo ka kacitsulo kopendekeka, ndipo sipuling'i imakankha kacitsuloko kuti kalume waya. Yaciŵiliyi imakondweletsa m'shopu cifukwa mungaimike bodi pa msinkhu uliwonse. Koma kabowo kakadyeka, olo waya akapindika pang'ono, bodi imayamba kutsika yokha mukaitsamila. Ya mano ni yacikale ndipo imalila ikamatseguka, koma dzino limagwila olo litacita nguwe. Nikanakhala na mwana wokwawa m'nyumba, n'kanasankha ya mano osaganizila kaŵili.

Nakamba za mwana cifukwa apa m'pamene nkhani ileka kukhala ya mafashoni. M'nyumba ya cipinda cimodzi mulibe kumene mungamuthamangitsile. Pamene mucisila ni pomwe iye aseŵelela. Ndipo nsimbi imene ili pamwambapo si nthawi zonse pamene imakhala ya malaiti. Cilala ca mu 2024, cimene boma inalengeza kuti ni tsoka la dziko lonse kumapeto kwa February caka cimeneco, cinacepetsa madzi ku Kariba cakuti makomboni ambili anali kuona malaiti maola ocepa cabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Nsimbi za malasha zimene tinali kuseka ambuye athu zinabwelela m'nyumba. Nsimbi ya malasha ni yolema, ili na moto weniweni mkati, ndipo imagwetsa phulusa. Kawaya koikapo nsimbi kamene kali kumapeto kwa bodi ya m'shopu anakapangila nsimbi yopepuka ya pulasitiki. Wopanga wa kutali uja sanaionepo n'komwe nsimbi yokupizila.

Pansi napo m'posiyana. Miyendo ya bodi imagunda pansi pa malo anayi, ndipo malo anayi amafuna simenti yosalala bwino. Simenti ya m'nyumba zambili za lendi ili na zitunda na maenje, ndiye pamwamba pake tapakapo polishi yofiila mpaka kuŵala. Tumapulasitiki twa kumapazi tukangovuka n'kusoŵa, paipi imaseleleka monga ili pa sopo. Amayi athu anadziŵa kale kuti mphika umakhazikika pa mafuwa atatu, olo pansi pakhale popendekeka bwanji. Cinthu ca miyendo itatu sicigwedela. Koma bodi yogunda pansi patatu simudzaipeza kaŵili-kaŵili m'shopu.

Ndiye pali kusunga. Bodi yopindidwa imatalika pafupi-fupi mita na hafu. M'maiko amene anaipangila muli kakabati kake kosungilamo tsache na zina zotelo. Ise tili na kumbuyo kwa citseko, kunsi kwa bedi kumene kuli kale masutukesi na mabeseni, na kampata ka pakati pa wadilopu na cipupa. Mukaiimika kumbuyo kwa citseko imagwa munthu akatsegula mwamphamvu. Yambili ilibe ngoŵe yokolekela, ilibenso kogwila miyendo ikapindidwa, cakuti mukainyamula miyendo imatseguka yokha n'kukupanani zala. Tsiku lokuka, pamene katundu yense ali pa wilibala olo pa kaveni kobweleka, bodi ndiyo imatsalila m'manja, ndipo kondakita wa minibasi amaiyang'ana monga mwabwela na mbuzi.

Wina akamba kuti, "Nanga n'kuvutikilanji? Yalani bulangeti pa bedi olo pa thebulo, mucise." Ambili timacita zimenezo, ndipo zovala zimaongoka ndithu. Koma matilesi a siponji sagwilizana na kutentha, msana nawo umadandaula ukaŵelama pa mayunifomu a mlungu wonse. Cinanso, bodi ili na mphuno yosongoka pa cifukwa. Kale anthu anali kuika thabwa pa mipando iŵili n'kucisilapo. Sarah Boone, telala wacikuda wa ku New Haven ku America, amene anabadwila mu ukapolo ku North Carolina, analembetsa mu 1892 bodi yake yopapatiza komanso yokhota, yoti dzanja la covala liziloŵa bwino n'kucisidwa mbali zonse popanda kusiya mzela. Iye anayambila pa covala cimene cinali m'manja mwake. Funso yake inali yakuti nchito iyende bwanji, ndipo funso imeneyo ni imene niona kuti yatsalila kumbuyo masiku ano.

Ndipo tisaiŵale kuti kuno kucisa si kudzionetsa cabe. M'nyengo ya mvula kuli nchenche ija imene imaikila mazila pa zovala zonyowa zoyanikidwa pa mthunzi olo pansi, mphutsi zake n'kuloŵa m'khungu, maka-maka la ana. Nsimbi yotentha imapha mazilawo. N'cifukwa cake makolo anali kucisa ngakhale matewela na zovala za mkati. Onjezam'poni shati ya salaula imene yacoka m'belo ili makwinya okha-okha, na intavyu ya maŵa m'maŵa. Cinthu cimene timaseŵenzetsa kaŵili-kaŵili conco ciyenela kupangidwa moganizila ise.

Apa m'pamene nimayang'ana kwa anyamata a ku Garden na ku Kalingalinga, amene amawochelela mageti, mafelemu a mawindo na mabedi m'mbali mwa msewu. Iwo alibe kontena yodzaza. Bodi yawo ulendo wake ni wocoka pa msewu kufika pa nyumba ya kasitoma, basi. Sentimita imene wa kutsidya kwa nyanja amalimbana nayo, iwo angaisiye. Angaseŵenzetse paipi yokulilapo, phazi lotambalala, mabauti m'malo mwa maliveti kuti cikathyoka munthu amasule n'kusintha. Kumapazi angaikeko labala ya matayala akale, imene siivuka ndipo siiseleleka pa polishi. Angaikeko kathileyi ka citsulo kokhala na milomo, kokwana nsimbi ya malasha na phulusa lake. Angaifupikitse kufika masentimita 90 n'kuikako ngoŵe yokoleka pamwamba pa citseko, cifukwa bodi yokhomela ku cipupa, olo kuti ni yabwino, a landilodi ambili salola kuboola cipupa cawo, ndipo wa lendi amafuna cinthu cimene adzanyamula pokuka.

Sin'funa kuwanyengelela anyamatawa. Ali na matenda awo. Ciliconse amacipanga monga geti, colema cakuti mtsikana wokhala yekha sangacinyamule na dzanja limodzi. Poŵochelela amasiya tuminga tumene tungang'ambe diresi ya mwini. Penti amapaka iliyonse imene yatsala, osaganizila kuti idzakumana na kutentha na nthunzi. Ndipo akaika pulanga wamba pamwamba, nthunzi ilibe kothaŵila, thabwa limafufuma n'kupindika. Mabodi a m'shopu pamwamba pake amaika citsulo ca maenje-maenje monga sefa kuti nthunzi izidutsa, nsalu iziuma. Ici n'cofunika kukopela, osacita nako manyazi. Pa mtengo naponso, kunena zoona, ya ku fakitale idzapitiliza kuchipa, cifukwa makina amene amadinda masauzande pa tsiku simungapikisane nawo na gilainda imodzi, maka-maka malaiti akamapita. Koma bodi ya m'shopu loko ikafa mumataya yonse, pamene ya pa msewu mumaibweza kwa amene anaipanga n'kukonzetsa na ndalama ya cingwa.

Taona kale kuti oda ikakhalapo, manja alipo. Ndalama za CDF zitakwela mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, mbali ina inapita ku madesiki a m'masukulu, ndipo akalipentala na owochelela a m'madela anapatsidwako nchitoyo. Ndalama zimenezi zimalipililanso acicepele m'makoleji a zamanja a pansi pa TEVETA. Cimene n'kanakonda n'cakuti mphunzitsi wa zowochelela, m'malo mouza ophunzila kupanga felemu ina ya windo, awapatse cocita ici: bodi yopinda, yoti munthu ainyamule na dzanja limodzi, yokwana kumbuyo kwa citseko, yosagwedela pa simenti ya zitunda. Mu kanchito kamodzi aka muli kupima, muli mahinji, muli loko, muli kusankha citsulo. Ndipo wophunzila akamaliza ali na cinthu cimene anzake a m'kalasi angagule.

Pakali pano ambili tidzagulabe za m'shopu. Ngati mupita kukagula kumapeto kwa mwezi uno, musalole kuti sewelo ithele pa kupinda. Uzani wogulitsa aiimike pansi, pa msinkhu wa m'ciuno mwanu. Tsamilani na manja onse aŵili kumphuno kwake, muone ngati kumbuyo kunyamuka. Ikankheni cam'mbali. Itembenuzeni muone ngati loko ni ya mano olo ya waya, ndipo ngati miyendo anaimanga na mabauti olo maliveti. Tsinani kasiponji, ngati zala zanu zikumva citsulo ndiye kuti mudzafunika kuyalapo kabulangeti kakale. Ndiyeno ipindeni n'kuinyamula na dzanja limodzi monga mukwela nayo basi. Miyendo ikatseguka yokha, pemphani ina, olo konzekelani kudula kacingwe ka labala ka cubu ca njinga kuti muziimangila.