Mphindi 15 anazilemba ndani?

Lero ndabwera wokwiya pang'ono, mundipirire.

Sabata yatha mu staff room munabuka nkhani ya ana athu amene anapita ku England kukagwira ntchito yosamalira okalamba ndi olumala. Mnzanga wina anaseka n'kunena kuti, "Tinataya choko chathu kuti azikasambitsa nkhalamba za eni?" Wina anati wamva kuti osamalira ake ndi aulesi, amalowa m'nyumba ya gogo n'kutuluka ngati aona njoka. Ine sindinaseke nawo, chifukwa masiku omwewo ndinali nditacheza pa WhatsApp ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa mpaka Fomu 4. Iye anandiuza kuti, "Aphunzitsi, kwa agogo ena ndimapatsidwa mphindi 15 zokha. Ndiwadzutse, ndiwaperekeze kuchimbudzi, ndiwapatse mankhwala ndi tiyi. Akayamba kundifotokozera za malemu amuna awo, ine maso amakhala pa wotchi." Nthawi imene amathera pamsewu kuchoka nyumba ina kupita ina, pa pepala la malipiro siioneka.

Tsono funso langa ndi ili: mphindi 15 zimenezi anazilemba ndani? Si mtsikanayu ayi.

Ndifotokoze kaye mmene zinthu zimayendera kumeneko. Chipatala cha NHS ndi chaulere, koma kusamalidwa pakhomo kapena m'nyumba ya okalamba si kwaulere. Udindo umenewu uli m'manja mwa makhonsolo oposa 150. Munthu amene chuma chake chaposa £23,250, malire amene anaikidwa mu 2010, amadzilipirira yekha. Wochepekedwa ndiye amathandizidwa ndi khonsolo. Kuchokera pa lamulo la 1990 la NHS and Community Care Act, makhonsolo anayamba kusiya kugwira okha ntchitoyi n'kumaigula kwa makampani ndi mabungwe. Khonsolo imaunika zosowa za munthu, imalemba nthawi imene azithandizidwa, imaitana makampani kuti apikisane, n'kugwirizana nawo mtengo wa pa ola. Mwachidule, khonsolo ndiye wogula wamkulu, ndipo wogula wamkulu ndi amene amalamula mtengo pamsika.

Malamulo ake ndi okoma kuwawerenga. Care Act ya 2014 imalamula khonsolo kuonetsetsa kuti m'dera lake muli opereka chisamaliro okwanira, abwino ndiponso okhalitsa. Mu 2015 bungwe la NICE linalangiza kuti ulendo wa wosamalira pakhomo usamachepere theka la ola, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Koma lamulo silisambitsa munthu. Chimene chimafika pabedi la gogo ndi chimene chalembedwa mu kontrakiti.

Khonsolo ikagula motchipa, kampani siigwira ntchito mwachifundo. Imadula nthawi ya gogo, imadula malipiro a wantchito, kapena imakweza mtengo kwa odzilipirira okha. Mu 2017 bungwe la Competition and Markets Authority linapeza kuti m'nyumba za okalamba odzilipirira ankalipira ndalama zokwera ndi 41 peresenti poyerekeza ndi zimene khonsolo inkalipira m'nyumba zomwezo. Ife a sukulu zogonera izi tikuzidziwa. Komiti ikagula chimanga chofumbwa chifukwa chatchipa, ana akadwala m'mimba, kodi timakalipira wophika?

Nanga kukonzekera kunali kuti? Nkhanga zinapangana kusanapse. Zoti anthu akukalamba sizibwera mwadzidzidzi ngati chigumula, zimaoneka zaka zambiri zisanafike. Koma m'chaka cha 2021/22 malo a ntchito opanda anthu m'gawoli anafika 165,000, malinga ndi bungwe la Skills for Care. M'malo mokonza malipiro kuti anthu azikhalitsa, boma la Britain linatsegula viza ya osamalira mu February 2022. Ana athu anathamangira. Ena anagulitsa malo a makolo kuti alipire akamberembere olonjeza ntchito, kukafika n'kupeza maola palibe. Popeza viza imamangiriridwa kwa bwana amene wakuitana, ukadandaula umaika chitupa chako pa moto. Boma lenilenilo linavomera kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda ziphaso zoitanira antchito kwa makampani oposa 470, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Mu March 2024 linaletsa obwera kumene kutenga mabanja awo, ndipo mu July 2025 linatseka khomo lolembera osamalira kuchokera kunja. Anawaitana atapanikizika, n'kuwatsekera chitseko ndale zitatentha.

Ndikudziwa zimene a khonsolo angayankhe: ndalama palibe. Apa sakunama. Kuyambira 2010 boma linadula kwambiri thandizo lopita ku makhonsolo, ndipo mu 2016 linawalola kuwonjezera kamsonkho kapadera ka chisamaliro pa msonkho wa nyumba, kamene kamasonkhetsa zochepa m'madera osauka momwe mavuto ndi ochuluka. Andrew Dilnot anapereka lipoti lake mu 2011. Boris Johnson analonjeza mu 2021 kuti munthu sadzalipira zoposa £86,000 pa moyo wake, koma Rachel Reeves anafafaniza lonjezolo mu July 2024. Mu January 2025 ntchito inapatsidwanso kwa Louise Casey, ndi nthawi yofika 2028. Mlandu wa boma ndi waukulu, sinditsutsa.

Koma umphawi sukupatsa ufulu wobisa ngongole yako m'thumba la wantchito. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Khonsolo imene ikudziwa kuti mtengo wake sungakwanire malipiro, mafuta a galimoto ndi nthawi ya pamsewu, koma ikusainabe, ikudziwanso amene adzalipire chotsalacho. Ingathe kulemba mu kontrakiti kuti nthawi ya pamsewu izilipidwa, ingathe kupempha kuona mapepala a malipiro, ingathe kukana maulendo a mphindi 15 osambitsa ndi kudyetsa munthu. Makhonsolo ena anasaina kale Ethical Care Charter imene bungwe la antchito la UNISON linatulutsa mu 2012, yomwe imafuna zinthu zoterezi. Ngati ena anatha, enawo asatiuze kuti n'zosatheka. Ndipo ngati ndalama sizikukwana, aime poyera anene kuti zaperewera zingati, osati kunamizira kuti zonse zili bwino.

Kwa inu ana anga amene muli kumeneko: lembani maola anu tsiku lililonse, kuphatikizapo a pamsewu, chifukwa nthawi yoyenda pakati pa odwala imawerengedwa poona ngati mwalandira malipiro ochepetsetsa ovomerezeka. Sungani mapepala onse. Lowani bungwe la antchito. Ndinakuphunzitsani masamu, agwiritseni ntchito.

Kwa anzanga a mu staff room: lekani kuseka. Mwana amene amagwira dzanja la nkhalamba yosiyidwa yokha sanatichititse manyazi. Wochititsa manyazi ndi amene anakhala pa tebulo n'kuyeza ulemu wa munthu ndi wotchi. Nafenso imvi zayamba, ndipo sitikudziwa amene adzatiwerengere mphindi.