Boti likagona lokha padoko, mlonda wake ndani?

Usodzi ndi ntchito yomwe imakakamiza munthu kusiya chuma chake poyera n'kuchokapo. Wotchera matchera amawaponya m'madzi madzulo, n'kubwerera kumtunda kukagona, ndipo amakawaona m'mawa. Mwezi ukawala kwambiri, asodzi a usipa amapumula chifukwa nyali zawo sizikopanso nsomba, choncho maboti amagona pamchenga masiku angapo. Mwera ukalusa pakati pa chaka, ngakhale katswiri wa nyanja amakokera boti lake kumtunda. Umu ndi momwe moyo umayendera m'madoko a m'boma la Karonga, kuchokera ku Chilumba kummwera, kudutsa pa Ngara, mpaka ku Kaporo kufupi ndi malire a dziko la Tanzania.

Kubedwa kwa maukonde ndi dandaulo lakale pa nyanja ya Malawi. Chomwe chasintha ndi mtengo wa zobedwazo komanso mtunda womwe uli pakati pa katundu ndi mwiniwake. Kale msodzi ankasema bwato, n'kuluka khoka, ndipo ankagona pafupi nazo. Lero eni zipangizo ambiri sapalasa konse. Ena ndi amalonda, ena ndi aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maofesi ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, omwe adatenga ngongole n'kugula boti la matabwa, injini ndi chilimira, n'kuzisiya m'manja mwa alovi. Injini ndi maukonde amachokera kunja, kotero kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula china m'malo mwa chobedwa kudasanduka nkhani yovuta kwambiri. Injini imodzi ikasowa, si mwiniwake yekha amene amalira. Alovi onse a botilo, amayi oyanika usipa pamathandala, ndi wanjinga wonyamula nsomba kupita kumsika, onse amakhala manja lende.

Funso loti katundu wa munthu amene palibe atetezedwe bwanji lavutitsanso anthu omwe sadaionepo nyanja yathu, ndipo mayankho awo ndi ofunika kuwamva ngakhale achokera kumalo koseketsa. Awa ndi opanga magemu a pa intaneti momwe anthu zikwizikwi amasewera nthawi imodzi, kumanga zombo zouluka mlengalenga ndi malinga osungiramo chuma. Dziko la m'gemu lotere siligona. Wosewera akazimitsa kompyuta kuti apite kuntchito, malinga ake amatsala pomwepo, ndipo mdani wake, yemwe mwina ali kudziko komwe dzuwa langotuluka kumene, amatha kudzawononga usiku umodzi zomwe mnzake adamanga miyezi isanu ndi umodzi. Makampani adaona kuti munthu wochitidwa zotere sabwezera, amangosiya kusewera. Wosiya kusewera salipiranso. Choncho chitetezo cha wosakhalapo chidasanduka nkhani ya moyo kapena imfa ya bizinesi.

Gemu ya EVE Online, yomwe kampani ya CCP Games ya ku Iceland idatulutsa mu 2003, idathana ndi vutoli pogwiritsa ntchito nthawi. Adani akaukira linga, silingagwe tsiku lomwelo. Limadzitseka kwa kanthawi, mwiniwake amalandira uthenga, ndipo nkhondo yotsiriza imachitika pa maola omwe mwini linga adasankhiratu kuti iye ndi anzake amakhala ali maso. Gemu ya Space Engineers, ya kampani ya Keen Software House ya ku Prague, idatsata njira ya malo. Mu 2019 idabweretsa chipangizo chomwe wosewera amaika kuti chizungulire malo ake ndi mpanda, momwe mdani sangawombere kapena kugumula kanthu. Koma mpandawo umadya tizitupa togula, ndipo tikatha umazima. Ku EVE Online nakonso linga limafuna mafuta, ndipo kuyambira mu 2020 linga lomwe lakhala lopanda mafuta kwa masiku limatengedwa ngati losiyidwa, chitetezo chake n'kuchotsedwa. Osewera akale amakumbukirabe nkhondo ya B-R5RB ya mu Januwale 2014, yomwe idabuka chifukwa gulu lina lidalephera kulipira msonkho wosungira dera lake pa nthawi yake. Zombo zomwe zidawonongeka tsiku limenelo adaziwerengera pafupifupi madola 300,000.

Wina anganene kuti izi ndi zoseweretsa za ana a anthu olemera, ndipo sitingamutsutse kwenikweni. Komabe taonani kuti pa njira zonsezi palibe yomwe imauza mwini katundu kuti asamagone. Opanga magemu adavomereza kuti munthu ali ndi ufulu wochokapo, ndipo udindo woteteza zomwe wasiya adauika pa malamulo a malo onse. Adazindikiranso kuti chitetezo chaulere sichikhalitsa, komanso kuti chitetezo chopanda malire chimadzaza malo ndi zinthu za anthu omwe adachoka kalekale.

M'madoko mwathu maganizo akadali osiyana. Munthu akaberedwa, funso loyamba limakhala loti udali kuti iwe. Zotsatira zake n'zakuti aliyense amadzitetezera yekha monga angathere. Wina amazula injini madzulo aliwonse n'kuisenza kupita nayo kunyumba. Wina amagoneka mlovi m'boti. Wotchera matchera amagona panyanja pafupi ndi maukonde ake, nthawi zina usiku womwe nyanja ikuonetsa kale kuti isintha, ndipo aliyense wodziwa mwera amadziwa chomwe chimachitikira bwato laling'ono lomwe mphepo yalipeza pakati pa madzi. Mwini ndalama amalemba mlonda. Wosauka, yemwe chuma chake chonse ndi matchera awiri ndi bwato, ndiye amatsala wopanda pogwira.

Chodabwitsa n'chakuti bungwe loyenera kusenza udindowu lilipo kale, ndipo lili ndi mphamvu za lamulo. Makomiti a m'madoko, omwe ambiri amangowatchula kuti ma BVC, adayambira pa nyanja ya Malombe mu 1993, pomwe chambo chidasowa ndipo boma lidavomereza kuti silingateteze nsomba palokha. Lamulo loteteza ndi kusamalira nsomba la 1997 lidakhazikitsa mfundo yoti anthu a m'madera azitenga mbali, ndipo malamulo otsatira a m'chaka cha 2000 adafotokoza ntchito za makomitiwa, kuphatikizapo kusunga kaundula wa maboti ndi ziphaso za asodzi a padoko lawo. Nthambi yoona za nsomba nayonso imachita kalembera wa asodzi, maboti ndi maukonde m'madoko a m'dziko muno.

Vuto ndi loti makomitiwa adabadwa kuti ateteze nsomba kwa msodzi, osati kuteteza msodzi kwa wakuba. Msodzi amakumana ndi komiti pa tsiku lolanda ukonde wa maso aang'ono kapena lolipiritsa chindapusa. Tsiku lomwe iye waberedwa, amauzidwa kuti apite kupolisi, komwe amafunsidwa nambala ya injini yomwe sadailembe paliponse. Ubale wotere sungabale chikhulupiriro, ndipo mwina n'chifukwa chake makomiti ambiri amafooka mabungwe owathandiza akangochoka.

Pamenepa pali mfundo yomwe oteteza nsomba sayenera kuinyalanyaza. Msodzi amene waberedwa ukonde wabwino kawiri sagulanso wabwino kachitatu. Amagula wotchipa, wa ulusi umodzi wonga waya, womwe ndi woletsedwa, kapena amasoka maneti otetezera udzudzu, poti akabedwa sataya zambiri. Kuba kumakankhira anthu ku zipangizo zomwe zikupululutsa nsomba. Ndiponso chaka chilichonse pa 1 Novembala boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane. Limalamula munthu kuti aimike chida chake kwa miyezi, nthawi yomweyo yomwe ambiri amapita kumtunda kukalima mpunga, chinangwa ndi chimanga, koma silinena kuti chidacho achisiye m'manja mwa yani. Wolamula munthu kuchokapo ayenera kukhala ndi yankho pa zomwe munthuyo wasiya. Popanda yankholo, wina amaona kuti n'kwabwino kupitiriza kusodza mozemba kusiyana ndi kusiya khoka pomwe sakuliona.

Sitikusowa chitsanzo chakwathu cha malamulo a malo onse omwe amagwira ntchito. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo nthawiyo ikakwana aliyense amachoka pachilumbapo. Lamuloli limamveka chifukwa limakhudza aliyense mofanana, ndipo wolowa pachilumba nthawi yoletsedwa sasowa kudziwika. Koma Mbenji ndi chilumba. Madoko a ku Karonga ali m'mphepete mwa msewu wa M1, komwe galimoto ikhoza kuima usiku, kunyamula injini n'kukafika kutali kusanache. Mafumu a kuno, monga Kyungu, Wasambo, Mwirang'ombe, Kilupula ndi Mwakaboko, ali ndi ulemu wokwanira kuti mawu awo amveke padoko, koma ulemu suimitsa galimoto.

Pano mpomwe fanizo la magemu limathera, ndipo mathero akewo ndi ophunzitsa kuposa fanizolo. Kampani ya gemu imadziwa mwini wa chinthu chilichonse m'dziko lake, chifukwa chilichonse chidalembedwa. Mpanda wake umagwira ntchito poti kaundula wake ndi wathunthu. Ku Ngara palibe amene angalembe lamulo loti injini isanyamulike. Chomwe chingatheke ndi kupangitsa kuti chobedwa chivute kugulitsa. Injini iliyonse ili ndi nambala yochokera kufakitale. Boti likhoza kulembedwa nambala ya doko lake. Maukonde akhoza kuikidwa chizindikiro pa zoyandamitsa zake. Zonsezi zikalowa m'buku la komiti, ndipo msodzi wosamukira doko lina akamafika ndi kalata yotchula zipangizo zomwe wabwera nazo, wogula injini yopanda mbiri adzayamba kuganiza kawiri. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa asodzi a kumpoto amatsata usipa mpaka ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, ndipo mlendo padoko si chinthu chachilendo. Mwambo woti mlendo ayambe waonekera kwa mfumu ulipo kale. Chongosowa ndi cholembera.

Ulonda weniweniwo umafuna ndalama, ndipo apa mpomwe nkhani zambiri zabwino zimafera. Mamembala a makomiti ndi ongodzipereka. Kuyembekezera kuti munthu azichezera usiku kulondera injini ya bwana wa ku Lilongwe popanda malipiro n'kudzinamiza. Malo amodzi otchingidwa padoko, osungiramo injini ndi maukonde, okhala ndi mlonda wolipidwa ndi buku lolembamo cholowa ndi chotuluka, angathe kuyendetsedwa ndi chopereka cha eni zipangizo, wa chilimira n'kumapereka zambiri kuposa wa matchera. Koma ndalama ikalowa m'komiti, mikangano imalowa nayo. Pali chiopsezo chenicheni choti komiti igwidwe ndi eni maboti akuluakulu, kapena kuti chopereka chisanduke msonkho wa mthumba la munthu. Khonsolo ya boma la Karonga, yomwe imavomereza malamulo aang'ono a m'madera, ndiyo ingakakamize kuti ndalamazo ziziwerengedwa poyera. Payeneranso kukhala malire a nthawi, kuti boti lomwe mwiniwake sadaonekere zaka ziwiri lisamangowolera pamalo pomwe ena akanakocheza. Madzi a nyanja atakwera mu 2024 n'kumeza mchenga m'madera ambiri a m'mphepete mwa nyanja, zidaoneka kuti malo okochezapo nawonso ali ndi polekezera.

Tisaiwale mbali yoopsa ya ulonda wa anthu wamba. Komwe anthu atopa ndi kuberedwa, woganiziridwa kuba sakhala ndi mwayi wodziyankhira, ndipo dziko lino laona anthu ambiri akuphedwa ndi magulu olusa mlandu usadazengedwe. Padoko, woyamba kulozedwa chala amakhala mlendo, wolankhula chinenero china. Kaundula amateteza mlendoyu monga momwe amatetezera mwini injini, chifukwa amamupatsa pepala loonetsa kuti zomwe ali nazo n'zake. Magulu a chitetezo cha m'madera omwe amagwira ntchito ndi apolisi ndiwo ayenera kukhala njira yopititsira wogwidwa kupolisi ali wamoyo.

Chotsala ndi malire. Kuchokera ku Kaporo, gombe la boma la Kyela ku Tanzania lili pafupi, ndipo katundu akangowoloka, buku la komiti ya kuno silithandizanso. Mkangano wa umwini wa nyanja, womwe Malawi amautsamiza pa pangano la Britain ndi Germany la 1890 ndipo udabukanso mu 2012 chifukwa cha zofufuza mafuta, umapangitsa kuti nkhani iliyonse yolondera pamadzi a kumpoto ikhale yoyenda nayo mosamala. Zokambirana zomwe ankatsogolera mtsogoleri wakale wa Mozambique, Joaquim Chissano, sizidathetse nkhaniyo. Komabe maiko awiriwa ali ndi bungwe limodzi loyang'anira chigwa cha mtsinje wa Songwe, ndipo maofesala awo amagwira ntchito moyang'anizana pachipata cha Songwe tsiku ndi tsiku. Kupatsana mndandanda wa nambala za injini zobedwa pakati pa apolisi a ku Karonga ndi a ku Kyela sikufuna kuti wina ayambe wavomera komwe malire a nyanja adutsa.