Chikoti Sichiphunzitsa Galu Kubwera Akaitanidwa

Pakati pa anthu oweta agalu mu mzinda wa Chipata ndi m'midzi yozungulira pafala mawu akuti galu wamakani, amene ena amati ndi wodzimva ufumu, sangamvere mwini wake pokhapokha atamenyedwa mpaka kuzindikira kuti wamkulu pakhomo ndani. Okhulupirira zimenezi amawonjezera kuti galu wolondera ayenera kutsekeredwa m'khola usana wonse, kumanidwa chakudya, ndi kuthiridwa tsabola kapena chamba mu nsima yake kuti akhale waukali, ndipo masiku ano malangizowa akulimbikitsidwa ndi makanema a pa Facebook ndi WhatsApp oonetsa anthu akugwetsa agalu chagada ndi kuwakanikiza pakhosi, ati chifukwa ndi mmene mtsogoleri wa mimbulu amalamulira anzake. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo kulakwika kwake kumaonekera pa chinthu chofunika koposa mwa zonse zimene galu angaphunzire, chomwe ndi kubwera akaitanidwa.

Chiphunzitso cha mtsogoleri wa gulu, amene m'mabuku a sayansi ankatchedwa alpha, chinachokera pa zimene Rudolf Schenkel analemba mu 1947 ataonerera mimbulu ya ku Ulaya yosungidwa mumpanda ku Basel, ku Switzerland. Mimbulu imeneyi, yomwe ndi abale a galu woweta ndipo ndi yosiyana ndi mimbulu yamawangamawanga ya m'chigwa cha Luangwa, inali yosonkhanitsidwa kuchokera kosiyanasiyana, kotero kuti kumenyana kwake kunali kwa alendo opanikizidwa malo amodzi. Katswiri wa ku America, L. David Mech, anafalitsa maganizowo m'buku lake la mu 1970, koma atakhala zaka zambiri akuonerera mimbulu yam'tchire pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, analemba mu 1999 kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, la makolo ndi ana awo, ndipo makolowo amatsogolera chifukwa ndi makolo, osati chifukwa anapambana ndewu. Mwini wake wa bukulo anafika popempha osindikiza kuti aleke kulitulutsa, komabe mfundo imene iye anaisiya zaka zoposa 25 zapitazo ikugulitsidwabe ngati nzeru yatsopano.

Ngakhale mbiri ya mimbulu itaikidwa pambali, zotsatira za nkhanza pa agalu enieni zinayesedwa kale. Kafukufuku wa Meghan Herron ndi anzake ku University of Pennsylvania, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti mwa agalu amene anamenyedwa kapena kupondedwa chifukwa cholakwa, 43 pa 100 aliwonse anabwezera mwaukali, ndipo mwa amene anagwetsedwa chagada, 31 pa 100 aliwonse anachita chimodzimodzi. Zimene anthu amazitcha makani nthawi zambiri zimakhala mantha, kapena mphamvu za galu wamng'ono amene wakhala pa unyolo tsiku lonse, kapenanso kusamvetsa kumene, popeza galu sabadwa akudziwa tanthauzo la mawu akuti "bwera".

Galu amalumikiza mphotho kapena chilango ndi chimene wangochita m'masekondi ochepa apitawo, osati ndi chimene anachita m'mawa. Choncho galu akapitikitsa nkhuku za aneba, mwini wake nkumuitana, iye nkubwera, kenako nkulandira chikoti, chimene amaphunzira si chakuti nkhuku n'zoletsedwa ayi, koma chakuti kuyandikira munthu amene akutchula dzina lake n'koopsa. Mawa lake amaima patali, mchira uli pakati pa miyendo, ndipo mwini wake amati makani akula, nawonjezera chikoti. Kulakwitsa kwina kofala m'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika n'kwakuti galu amaitanidwa kamodzi kokha pa tsiku, m'bandakucha, pamene akufuna kumubwezera m'khola, ndipo palibe chodabwitsa kuti galu wanzeru amayamba kuzemba akangomva dzina lake.

Umboni wa njira ina uli pafupi. Ku Mfuwe, mtunda wopitirira makilomita 100 kuchokera ku Chipata, bungwe la Conservation South Luangwa lakhala ndi agalu onunkhiza kuyambira mu 2014 mogwirizana ndi bungwe la Working Dogs for Conservation, ndipo agaluwa amafufuza minyanga ya njovu, mfuti ndi nyama yam'tchire m'magalimoto ndi m'katundu. Agalu osankhidwira ntchito yotere ndi aja amphamvu zosatha amene eni nyumba ambiri amawalephera, ndipo malipiro awo akapeza chinthu ndi kuseweretsedwa mpira. Alenje a m'midzi ya Angoni ndi Achewa, amene sanawerengepo buku la Mech, anadziwa zofananazo kalekale, pakuti galu wa uzimba amabwera ndi likhweru limodzi chifukwa amayenda ndi mbuye wake tsiku ndi tsiku ndipo amadziwa kuti kalulu akagwidwa, matumbo ndi ake.

Kuphunzitsa galu kubwera akaitanidwa sikufuna ndalama. Mwini galu amayambira pabwalo lopanda zosokoneza, galu ali pa chingwe chachitali, natchula dzina lake ndi liwu limodzi losasinthasintha, ndipo galuyo akangofika amapatsidwa kapenta kapena kachidutswa ka nyama nthawi yomweyo, kenako nkumasulidwa kuti apitirize zake, kuti asaganize kuti kuitanidwa ndiko kutha kwa ufulu. Mphindi zochepa kangapo pa tsiku zimapindula kuposa ola lathunthu, ndipo mtunda ndi zosokoneza, monga ana, mbuzi ndi njinga, zimawonjezedwa pang'onopang'ono. Lamulo limene siliyenera kuphwanyidwa ndi lakuti galu amene wabwera salangidwa, ngakhale atachedwa kapena atachokera kolakwa. Malire amafunikabe, ndipo galu wolumphira anthu kapena wolanda chakudya amaphunzira msanga ngati mbale yake itsika pokhapokha iye atakhala pansi, ndiponso ngati onse a m'nyumba, kuphatikizapo ana ndi wantchito, atsata lamulo lomwelo.

Oteteza chikoti ali ndi mfundo imodzi yomveka, yakuti akuba alipo ndipo galu wa pakhomo si wokongoletsa bwalo. Koma kuuwa mlendo usiku ndi chibadwa cha galu amene amadziwa kwawo, ndipo sikufuna njala kapena tsabola. Chamba chokha chimamudwalitsa, nayamba kudzandira, kuwodzera ndi kudzikodzera. Galu amene waukali wake mwini wake sangauletse ndi mawu amaluma mwana wa aneba mofanana ndi mmene angalumire mbala, ndipo malamulo a Zambia, kudzera mu Prevention of Cruelty to Animals Act, amaletsa kuzunza ziweto.

Nkhaniyi imakhudzanso umoyo wa anthu. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, makamaka mu Africa ndi Asia, kuti pafupifupi onse amachitenga kwa agalu, ndi kuti matendawa amatha m'dera pamene agalu 70 pa 100 aliwonse abayidwa katemera. Lamulo la Control of Dogs Act limafuna kuti agalu alembetsedwe ndi kubayidwa, koma galu amene amathawa kapena kuluma mwini wake sangatengeredwe kwa madokotala a ziweto, ndipo ku Blantyre, kumene bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu ambirimbiri mu 2015, kulephera kugwira galu kunali chimodzi mwa zifukwa zimene eni ake ankapereka posafika pa malo obayira. Mwini galu womvera alinso ndi mwayi wozindikira matenda msanga, chifukwa galu amene wakhala akubwera nthawi zonse, nasintha mwadzidzidzi, kuyamba kuluma zilizonse kapena kuchucha dovu, sayenera kuyandikiridwa ndi chikoti, koma kutsekeredwa mosamala ndi kudziwitsa a zaziweto tsiku lomwelo. Munthu amene walumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite ku Chipata Central Hospital kapena ku chipatala chapafupi osadikira kuti zizindikiro zioneke.