Pagalaja: Pikapu yanga imawira ikasenza katundu

Akulu a Pagalaja,

Ndili ndi pikapu ya Toyota Hilux yapetulo ya 1989 yomwe ndinagula nditapuma pantchito. Ndimanyamulira katundu wa anthu kuchokera ku Nchalo kupita ku Limbe. Ikakhala yopanda kanthu, kapena ndikamazungulira m'tauni, singano ya geji imakhala pakati bwinobwino. Koma ndikangopachira matumba n'kuyamba kukwera Thabwa, singano ija imathamangira kofiira, madzi n'kuyamba kuwira. Makaniko woyamba anachotsa thermostat, wachiwiri anasintha lamba wa fani, koma palibe chasintha. Wachitatu akuti tiphwasule injini yonse. Ndalama zimenezo ndilibe, komanso galimotoyi ndiyo ikulipirira ana fizi. Nditani?

Wodandaula, Nchalo

Zikomo bambo a ku Nchalo. Choyamba, musalole kaye munthu aliyense kumasula injiniyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kalata yanu yanena kale chinthu chachikulu, choti galimotoyi imawira pokhapokha ikasenza katundu pachikweza. Tiyambire pamenepo, ndipo inu awerengi amene muli ndi magalimoto okalamba tcherani khutu chifukwa matendawa ndi anu omwe.

Injini ikamawotcha petulo, mphamvu yoyendetsa galimoto imangokhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Gawo lina limatuluka ndi utsi, lotsalalo ndi kutentha kumene madzi amayenera kukunyamula n'kukakutaya kurediyeta. Mukaponda mafuta kwambiri, petulo amapsa wambiri, kutentha nakonso kumachuluka. Tsono rediyeta yomwe yatsekeka theka imakwanitsa ntchito ya m'tauni, koma imagonja pa Thabwa, pomwe galimoto imachoka kuchigwa cha Shire n'kukwera mpaka Blantyre, mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Zili ngati munthu wa chifuwa: pachidikha amayenda bwino, koma tamusenzetsani thumba la chimanga pachitunda muone.

Amakaniko odziwa ntchito amasiyanitsa chonchi. Galimoto yotentha itaima pamzere koma n'kuzizira ikayamba kuthamanga, kawirikawiri vuto limakhala fani. Yotentha ikamakoka katundu kapena ikamathamanga, vuto limakhala kayendedwe ka madzi, rediyeta, kapena injini yomwe ikupanga kutentha kopyola muyeso. Yanuyi ili m'gulu lachiwiri, ngakhale fani sitiisiya kunja poti pachikweza mumayenda pang'onopang'ono ndipo mphepo yakutsogolo imachepa. Fufuzani motsatana chonchi, kuyambira zotchipa.

Yambani ndi chivindikiro cha rediyeta, m'mawa injini isanalire. Onani ngati madzi ali odzaza, kenaka yang'anani labala ndi sipuling'i ya chivindikirocho. Ambiri amachiyesa chotsekera wamba, pomwe ntchito yake n'kusunga mphamvu m'kati kuti madzi asawire msanga. Madzi a mumphika amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo kumtunda ngati ku Blantyre amawira pa madigiri pafupifupi 97. Chivindikiro chabwino cholembedwa 0.9 chimachititsa kuti asawire mpaka pafupifupi madigiri 118. Chikatha mphamvu, madzi amawira injini isanatenthe n'komwe modetsa nkhawa. Ngati labala wang'ambika kapena wauma, gulani china cha nambala yomweyo.

Chachiwiri, yang'anani rediyeta kunja kwake. Walitsani tochi kumbuyo, inu muli kutsogolo. Ngati kuwala sikukudutsa, ndiye kuti timipata tadzaza matope, udzu, tizilombo ndi thonje. Tsukani ndi madzi kuchokera kumbali ya injini kupita kutsogolo, koma osati ndi mphamvu yambiri kuopa kupinda tizitsulo topyapyala tija. Onaninso ngati chipulasitiki chozungulira fani chilipo. Amakaniko ena amachitaya ati chimawapinga pogwira ntchito, chonsecho ndicho chimakakamiza fani kukoka mphepo kudzera m'rediyeta.

Chachitatu ndi m'kati mwa rediyeta, ndipo ine apa ndi pomwe ndikukayikira kwambiri. Yendetsani galimoto mpaka itenthe, zimitsani, chotsani kiyi, kenaka yendetsani dzanja mosamala pankhope ya rediyetayo. Kutentha kuyenera kukhala ponseponse, kumangochepa pang'onopang'ono kulowera komwe madzi amatulukira. Mukapeza zigamba zozizira pakati pa malo otentha, dziwani kuti timapaipi ta pamenepo tatsekeka. Ndikufunseni bambo, mumathira madzi anji? Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere. Madzi otere amasiya zoyera zolimba ngati zija mumaziona m'ketulo, komanso amadyetsa chitsulo dzimbiri. Onjezani apo mazira aawisi ndi zina zomwe madalaivala amathira potseka podontha. Zimatsekadi podonthapo, koma zimatsekanso timapaipi tabwinobwino.

Rediyeta yotere siichira poithira madzi a paipi pamwamba n'kumaona akutuluka pansi, chifukwa madziwo amangodutsa m'timapaipi totseguka. Ipititseni kwa amisiri a marediyeta akaichotse thanki n'kutokosa kapaipi kalikonse. Ngati yadyeka kwambiri, aike pakati pena patsopano kapena mugule ina.

Chachinayi, onani zoyendetsa madzi ndi mphepo. Lamba munasintha, koma mudinikizeni ndi chala pakati: asalowe kupitirira sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ngati fani yanu ndi ija yokhala ndi kilachi ya mafuta pakati, izungulizeni ndi dzanja injini ili yotentha koma yozimitsa. Yabwino imalimba n'kuima msanga. Ikamazungulira yokha kangapo ngati mphepo ikuiseweretsa, yatha. Kenaka wina aponde mafuta inu mukuyang'ana paipi yapansi ya rediyeta, manja ndi malaya zili kutali ndi fani. Paipi yokalamba imafwamphuka pampu ikamakoka mwamphamvu, madzi n'kulephera kudutsa. Pampu yamadzi nayo imanamiza. Ikhoza kukhala yosadontha, yosalira, koma mapiko ake m'kati atadyeka ndi dzimbiri moti ikungovundula madzi osawakankha.

Chachisanu, bwezerani thermostat. Chizolowezi choichotsa ati kuno n'kotentha chawononga mainjini ambiri. Popanda iyo injini imachedwa kufunda m'mawa, imamwa petulo wambiri ndipo imaperepeseka msanga. Pa mainjini ena thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule ka madzi, ndiye mukaichotsa madzi ena otentha amangobwerera m'injini osafika kurediyeta. Kuyesa kwake n'kosavuta: imangireni ulusi, iviikeni mumphika wa madzi pamoto. Iyenera kuyamba kutseguka pa nambala yolembedwa pa iyo, kawirikawiri 82 kapena 88, ndipo madzi akamafika powira ikhale itatsegukiratu.

Chachisanu n'chimodzi, funsani ngati injini siikupanga kutentha kochuluka yokha. Taimingi ikachedwa, moto umapitirira kuyaka mpaka potulukira utsi, galimoto imafooka pachikweza ndipo imatentha. Taimingi aitchere ndi getsi lake lija, osati ndi khutu. Kabuleta yopereka petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya imatenthetsanso injini. Mukayenda kamtunda pang'ono, yandikizani dzanja pa limu lililonse. Lina likatentha kuposa anzake, mabuleki akugwira ndipo injini ikukoka katundu wosaoneka. Kunena zoona, katundu wooneka nayenso tiwerenge. Pikapu ngati yanuyi anaipangira pafupifupi tani imodzi, amene ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Mukaika 30 n'kukwezanso eni ake pamwamba, musadandaule za geji.

Zonsezi zikapezeka kuti zili bwino, m'pamene tingakambe za gasiketi ya hedi. Gasiketi yomwe yangoyamba kupsa imatha kutseka bwino injini ikamalira pang'ono, n'kumalowetsa utsi m'madzi pokhapokha mwaponda kwambiri. Zizindikiro zake ndi izi: madzi kumatha popanda podontha, thovu kumatuluka mosalekeza pakamwa pa rediyeta mukaliza injini yozizira chivindikiro chili chochotsa, paipi yapamwamba kulimba gwa injini itangolira kumene, utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Galaja yabwino imayeza kompuleshoni ya silinda iliyonse, ndipo ena ali ndi mankhwala abuluu omwe amasanduka achikasu m'rediyeta mukakhala utsi.

Auzeni amakaniko achitatuwo akuonetseni umboni umenewu inu muli pomwepo. Ngakhale gasiketi itapezeka yopsa, ntchito yake n'kuchotsa hedi, kukaiyezetsa ngati yapindika kapena kung'aluka, n'kuika gasiketi yatsopano. Si kuphwasula injini yonse ayi. Ndipo kumbukirani kuti nthawi zambiri gasiketi imapsa chifukwa injini inayamba yatenthapo. Mukaika yatsopano rediyeta ikadali yotsekeka, idzapsanso pa Thabwa pomwepo.

Pamene mukufufuza izi, dzitetezeni pamsewu. Nyamukani m'mamawa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pomwe kuchigwako kumatentha kupitirira madigiri 40. Pachikweza tsitsani giya msanga kuti pampu ndi fani zizizungulira mwachangu, osati kuikakamiza mu giya yaikulu ikuchita kunjenjemera. Singano ikayamba kukwera, tsegulani hita mpaka kumapeto, chifukwa nayo ndi karediyeta kakang'ono. Ikapitirirabe, imani pamalo abwino, ikani miyala kumatayala. Ngati madzi sanatayike, isiyeni ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo. Ngati nthunzi yayamba kutuluka, zimitsani pompo. Musatsegule chivindikiro injini ili yotentha, anthu ambiri apsa nkhope ndi manja mwa njira imeneyi. Dikirani mphindi zosachepera 30, ndipo musakhuthulire madzi ozizira m'injini yamoto chifukwa hedi imatha kung'aluka.

Ikachira, lekani madzi a pamjigo. Sakanizani coolant ndi madzi a batire kapena madzi amvula oyera, theka kwa theka ngati botolo silinanene kuti ndi wosakaniza kale. Coolant si wa kumaiko ozizira okha monga ena amanenera, ntchito yake ina n'kuletsa dzimbiri.

Mukandifunsa poyambira, ndinganene kuti gulani chivindikiro ndi thermostat, kenaka nyamulani rediyetayo kwa amisiri sabata ino. Zimenezi sizingafike ngakhale pafupi ndi mtengo wophwasula injini. Mukadzakwera Thabwa ndi matumba 20, mudzandilemberenso kuti singano inaima pati. Sabata yamawa tidzayankha mayi wa ku Kasungu amene batire ya galimoto yawo imatha usiku uliwonse.