Magitala a ku Kitwe akulira ku Ulaya, athu akudyedwa ndi chiswe

Mu June 2023 gulu loimba la ku Zambia lotchedwa WITCH linatulutsa chimbale cha Zango, patadutsa zaka 39 chitulutsireni chimbale china. Mtsogoleri wake, Emmanuel Chanda, yemwe anthu amamudziwa ndi dzina loti Jagari, anali atapyola zaka 70. Kuno kwathu munthu wa msinkhu umenewo akagwira maikolofoni n'kuyamba kudumpha pamaso pa anthu, timanong'onezana kuti mdalayu akukana kukula. Koma mdala ameneyo wazungulira nazo nyimbo zake ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2025 gulu lake linatulutsanso chimbale china, Sogolo. Mmalawi aliyense wokonda nyimbo akamamvera zimbale zimenezi ayenera kusangalala, kenako agwidwe ndi manyazi.

Amene simunamvere Zango, musaganize kuti ndi nyimbo za nkhalamba zolira zakale. Gitala lake limalira mosasa, mokalipa, monga ankaliimbira anyamata a rock m'zaka za m'ma 1970. Besi ndi ng'oma zimayenda mwa funk, zija zimagwedeza m'chiuno munthu asanaganize zovina. Kiyibodi ya Patrick Mwondela, yemwe anali m'gululi pa nthawi imene linkaimba disco, imabweretsa kufewa kwa soul ndi rhythm and blues. Pamwamba pa zonsezi pali mawu a Chingerezi osakaniza ndi zilankhulo za ku Zambia, komanso amayi oyankha nyimbo monga amayankhira pa chinamwali kapena pa mtondo. Mulinso Sampa the Great, mtsikana wa rap wotchuka kunja, ndi Keith Kabwe wa gulu lakale la Amanaz. Anajambulira ku dB Studios ku Lusaka, situdiyo yomwe anajambuliramo chimbale chawo cha Lazy Bones!! cha mu 1975. Sanabise kuti akubwerera m'mbuyo. Anabwerera dala, ndipo n'zimene zagulitsa.

Tsono yendani pano pa Dedza boma, kuyambira pa siteji ya minibasi mpaka mu msika, kapena mutsike pa Chimbiya kapena pa Linthipe. Anyamata oika nyimbo mu foni ndi pa memory card ali ndi amapiano a ku South Africa, za ku Nigeria, za uzimu, za a Zambia amakono, zonse mbwee. Afunseni za magulu akale a kwathu monga Kalimba kapena Makasu, mwina akupezerani imodzi kapena ziwiri zomveka ngati zajambulidwa m'chitini. Mukatchula Jazz Giants ya Morson Phuka, Love Aquarius kapena Sounds Pentagon, kumene malemu Wambali Mkandawire anakulira m'maimbidwe, akuyang'anani ngati mwafunsa njira ya kumwezi. Sindikuwadzudzula anyamatawa. Munthu sagulitsa chimene palibe anamupatsa.

Ndikudziwa zimene ena anene, chifukwa amazinena nthawi zonse: rock ndi funk ndi zachizungu, si chikhalidwe chathu, zikatayika palibe chimene tataya. Mawu amenewa amatuluka m'kamwa mwa anthu omwewo amene pa ukwati amavina amapiano mpaka thukuta kamukamu, ndipo Lamlungu amaimba nyimbo za m'buku zimene anabweretsa amishoni a ku Scotland. Nanga reggae ya ku Balaka ndi ya ku Chileka inamera m'munda mwa yani? Funk, soul ndi rhythm and blues ndi nyimbo za anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo, ndipo ng'oma imene ili pansi pa nyimbozo inachokera ku Africa kuno. James Brown ataimba ku Zambia mu 1970, achinyamata a ku Lusaka ndi ku migodi sanamve chinthu chachilendo kwenikweni. Anamva chinthu chawo chitavala suti. Chikhalidwe si ng'oma ya gule ndi ngoma ya Angoni zokha. Chimene agogo athu ankavina mu holo ali anyamata ndi chikhalidwenso, kaya tikonde kaya tisakonde.

Kusiyana kwa ife ndi a Zambia sikunali pa luso. Kunali pa boma ndi pa makina. M'zaka za m'ma 1970 Kenneth Kaunda, yemwe naye ankaimba gitala, analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dzikomo. Ndalama za mkuwa zinali m'matumba mwa ogwira ntchito m'migodi ku Kitwe, ku Ndola ndi ku Chingola. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yodinda malekodi, ndipo Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ankatulutsa zimbale za magulu achinyamata. Mwa njira imeneyi WITCH, Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi, Musi-O-Tunya ndi Rikki Ililonga anasiya nyimbo zawo pa zinthu zogwirika ndi manja. Kenako mtengo wa mkuwa unagwa, kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku chifukwa cha nkhondo ya ku Rhodesia, disco inalanda malo ovinira, ndipo Edzi inakolola oimba ambiri. Mwa anyamata amene anayambitsa WITCH, Jagari yekha ndiye anatsala. Anakhala mphunzitsi, kenako anakalowa m'maenje kukumba miyala ya mtengo wapatali. Zonse zinaoneka ngati zatha, koma malekodi aja anali m'masutikesi ndi pansi pa mabedi a anthu.

Kwathu kuno nkhani inali ina. Lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe, ndipo m'nyengo yomweyo mwamuna wa tsitsi lalitali kapena wovala thalauza lotambasuka kumunsi lija ankaoneka ngati chigawenga. Alendo ena ankametedwa pa bwalo la ndege asanalowe m'dziko. Mungaimbe bwanji rock m'dziko limene tsitsi lenilenilo ndi mlandu? Komabe anyamata athu ankaimba, m'mahotela a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, m'maholo a m'maboma, m'sukulu za sekondale. Vuto linali loti wailesi inali imodzi, MBC, ndipo kwa oimba ambiri situdiyo inalinso yomweyo. Ukajambula, tepi imatsala ku wailesiko. Nyimbo imamveka pa mlengalenga, anthu n'kuikonda, koma ndi ochepa okha amene ankapita nayo kunyumba. Ndiye chuma chathu cha zaka zimenezo chili pa matepi, m'nyumba imodzi, pansi pa kiyi wa bungwe limodzi.

Apa ndi pamene pakundiwawa. Zamrock, rock ya ku Zambia ija, inauka chifukwa anthu osonkhanitsa malekodi akale anapeza zimbale zija n'kuyamba kuzigula modula. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inafunafuna Jagari ndi Rikki Ililonga, n'kugwirizana nawo, ndipo mu 2012 inatulutsanso zimbale zoyambirira za WITCH pamodzi. Mtaliyana wina, Gio Arlotta, anajambula filimu ya mbiri ya gululi imene inatuluka mu 2019, ndipo oimba a ku Netherlands, Jacco Gardner ndi Nico Mauskoviç, analowa m'gululo kuti liyambirenso kuimba. Zotsatira zake tikuziona. Travis Scott anatengako nyimbo ya Amanaz pa chimbale chake cha Utopia mu 2023. Mu 2024 Tyler, the Creator anamanga nyimbo yake ya Noid pa nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977, ndipo achinyamata mamiliyoni ku America anamva Chinyanja m'makutu mwawo, mwina koyamba. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, koma dzina lake likugwirabe ntchito. Nyimbo yobisidwa m'kabati palibe angaimve, palibe angaipemphe, palibe angailipire.

Sindikunena kuti nkhani ya WITCH ndi yokoma mbali zonse. Onani mayina amene ndatchulawo: Los Angeles, Italy, Netherlands. Lekodi ya pulasitiki ya Zango ikugulidwa kwambiri ndi anthu a kunja, pa mtengo umene mnyamata wa ku Chawama ku Lusaka sangaulote. A Zambia ambiri anayamba kunyadira Zamrock atamva kuti azungu akuivina. Matenda amenewa ndi athunso, ndipo ndi akale. Hugh Tracey anajambula nyimbo za m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo lero zikusungidwa ku South Africa. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anadziwika kunja chifukwa cha Gerhard Kubik wa ku Vienna. Madalitso Band inkaimba m'misewu ya mu Lilongwe anthu akungodutsa, mpaka kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa zimbale zake. Ngakhale ntchito yosamutsa matepi akale a MBC kuwaika pa kompyuta inatheka ndi thandizo la dziko la Norway. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti eni mudzi azikhala ndi tsitsi la nyankhalala kudikira mlendoyo.

Kuti ifenso tingathe, umboni ulipo. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala pansi ndi Giddes Chalamanda, agogo a ku Chiradzulu obadwa mu 1930, n'kuimba nawo nyimbo zawo zakale. Nyimbo ya Linny Hoo inafalikira pa TikTok mpaka kumaiko amene sadziwa kuti Malawi ali kuti. Panalibe Mtaliyana, panalibe kampani ya ku America. Panali Mmalawi mmodzi amene anaona kuti nkhalamba si katundu wotaya. Chodabwitsa n'choti zitachitika zimenezo tinaombera m'manja, tinaponya mauthenga pa Facebook, basi n'kubwerera kukagona.

Dedza ndi boma limene siliyenera kuphunzitsidwa za kusunga zakale. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pa miyala, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare yasunga zigoba za gule wamkulu zochuluka zedi, pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Timanyadira zimenezi, ndipo n'koyenera. Koma tinadziika mpanda m'mutu woti chakale choyenera kusungidwa ndi chokhacho chimene chili ndi nthenga ndi chikopa. Gitala la magetsi limene linkalira mu holo ya sukulu mu 1978 timaliona ngati chitsulo chakutha. Pakadutsa zaka zina 20, amene ankaimba ndi amene ankavina onse adzakhala atapita, ndipo mwana wa ku Mayani kapena ku Lobi adzakhulupirira kuti nyimbo za ku Malawi zinayamba ndi kompyuta.

Ndatchula kompyuta, ndiye ndinene ndithu. Sindidana nayo. Yathandiza mnyamata wosauka kujambula nyimbo m'chipinda cha lendi osapita kukagwada kwa bwana wa wailesi. Koma Zango ikukoma chifukwa anthu angapo analowa m'chipinda chimodzi, aliyense ndi chida chake, n'kumamverana. Woimba ng'oma akathamanga pang'ono, wa besi amamutsatira, ndipo m'kusalongosoka kumeneko ndi momwe muli moyo. Lero pa maukwati a pa boma pano pamakhala DJ ndi masipika, ndipo oimba ambiri akabwera kudzaimba amangoika nyimbo yojambula kale n'kumakuwa pamwamba pake. Malo okhawo amene mwana wa ku Dedza angagwire besi kapena kiyibodi ndi kutchalitchi. Tithokoze matchalitchi, kumbukirani kuti Alleluya Band ya Paul Banda, imene inalera malemu Lucius Banda, inabadwira ku parishi ya Balaka. Koma sukulu zathu za sekondale, kuphatikizapo zikuluzikulu zimene zaphunzitsa nduna ndi madokotala, zili kuti pa nkhaniyi? Khonsolo imene imatolera ndalama za msika pa thumba lililonse la kachewere singalephere kugula magitala awiri, ng'oma ndi amplifaya n'kuziika mu holo kuti achinyamata aziphunzira Loweruka.

Ena ati nyimbo zambiri zakalezo zinali zotamanda Kamuzu, zina zinali zongotengera za kunja, zina zosakoma n'komwe. Zoona. Ngakhale za Zamrock si zonse zili bwino. Koma wosankha akhale womvera, osati chinyezi ndi chiswe.

A MBC, matepi amene munasamutsa aja si anu nokha. Anaimba ndi makolo a anthu, ndipo wailesiyo imayendera misonkho yathu. Khalani pansi ndi COSOMA ndi mabanja a oimbawo, mugwirizane za umwini ndi malipiro, kenako mutulutse zimbale zokhala ndi mayina a oimba, chaka ndi zithunzi, pa intaneti ndi m'misika momwe. A unduna woona za chikhalidwe, tumizani anthu ndi makina ojambulira kwa oimba a m'ma 1970 ndi 1980 amene akadali moyo, afotokoze okha mbiri yawo. Ndipo inu owerenga, ngati m'nyumba mwa bambo anu muli lekodi kapena kaseti ya gulu la ku Malawi, musaipereke kwa ana kuti azisewera nayo. Ipukuteni, muisunge pouma, ndipo mufunse mdalayo akuuzeni amene ankaimba gitala.